Yotamu Analumphira M'dziwe

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji? Ndine Esinati wanu. Kuno ku Ipusukilo, m'Kitwe muno, tilipo, ndipo ine ndanenepa kuposa mmene munandisiyira, moti siketi ya yunifolomu ya chigwirizano ndachita kuimasula m'chiuno. Khalani pansi bwinobwino, nkhani ndadza nazo zambiri, ndipo mukundidziwa kuti ndikayamba sindifuna wondidula pakamwa.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Amalume ku Katete chaka chino akolola, nkhokwe yadzaza mpaka chimanga china asunga m'matumba. Anatitumizira mtedza pa basi ndipo tikusinjirabe mpaka pano. Tisa, mwana wawo wotsiriza uja munkati sadzakwatiwa chifukwa cha pakamwa, wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Akuti kamwanako kakalira, nkhuku za mudzi wonse zimabalalika. Ndinawayankha kuti ndiye dzina lafika pamalo pake.

Pano pakhomo mpeyala wanu uja wabereka mpaka nthambi imodzi kuthyoka. Denga la kuchipinda kwanu linayamba kudontha, mlongo wanga Yotamu anasintha malata. Magetsi akuzimazima kuposa kale, koma ine sindidandaula ayi. Atelala anzanga amene ankandiseka ndi makina anga opukusa ndi dzanja, masiku ano amangokhala pakhonde manja lende kudikira magetsi, makasitomala n'kumadutsa pamaso pawo kubwera kwa ine. Mukanakhalapo mukanaseka mpaka kugwira nthiti.

Tsopano nayi nkhani imene ndakhalira pansi. Ndi ya Yotamu, ndi mawu aja munamusiyira m'chipatala.

Munamugwira pamkono, ine ndili cha kumiyendo kwa bedi, n'kumuuza kuti, "Mlongo wakoyu usadzamusiye yekha." Sindikukudzudzulani. Munthu amene anandibereka kumsana kuyambira pamene poliyo inandipha miyendo mpaka mapazi anga kumakukwapulani m'mawondo, anayenera kuda nkhawa. Koma Amayi, mwana wanuyu mawuwo anawaika pamtima kuposa katekisimu. Kutchalitchi amandikankha pa njinga yanga. Kukagula nsalu m'tauni amandikankha. Nthawi ya chakudya chamasana amasiya zowotcherera zitsulo zake n'kuthamangira kuno kudzaona ngati ndili moyo, ngati kuti ndine mwanapiye. Tsiku lina ndinamupeza akundiyezera madzi osamba ndi chigongono. Ndinati, "Iwe, ndinakusintha matewera ndine, usandipute."

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandisowetsa mtendere ndi Mwansa.

Simunamuone, anabwera inu mutapita. Ndi mtsikana wa Chibemba, amagulitsa kapenta ndi nsomba zouma pamsika wa ku Masala, ku Ndola. Ngwamtima woyera, wolankhula zinthu mmene zilili, ndipo mukanakangana naye kamodzi kokha n'kumukonda moyo wonse. Akhala akudikirana ndi Yotamu nthawi yaitali. Kuwonjezera apo, kuli shopu ya zitsulo ku Ndola komweko imene yakhala ikumuitana, iye n'kumangoti mawa, mawa. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi amakwera minibasi kukamuona, dzuwa lisanalowe wabwerako kale, thukuta lili kamukamu. Inu munkanena kuti mapanga awiri avumbwitsa. Mwana wanu wavumbwa mokwanira.

Tsiku lina Mwansa anabwera yekha, Yotamu ali kuntchito. Anakhala pamkeka pafupi ndi makina anga n'kunena kuti, "Ba sisi, ine sindikukanani inu. Mukafuna tikakhale tonse ku Masala, chipinda chilipo. Chandilemera ndi mwamuna amene amakhala pampando ndi thako limodzi. Akwathu ayamba kufunsa ngati ali ndi banja lina ku Kitwe. Mvula ikubwerayi ikagwa asanatume munthu kwathu, awe, ndimuiwala."

Sanalire, ndipo n'chimene chinandiopsa. Munthu akamalira ndiye kuti akadali pomwepo.

Za ku Masala ndinakana. Ndikatani kumeneko? Makasitomala anga ali kuno, mpingo wanga uli kuno, nyumba yanu ili kuno. Komanso sindifuna kulowa m'banja la mwana pamodzi ndi mapoto a pa ukwati. Madzulo ake ndinamuuza Yotamu kuti apite. Anangoti, "Asisi, ndinalonjeza Amayi," n'kutuluka kukathirira tomato amene anali atamuthirira kale.

Apa ndi pamene pabwera nkhani ya madzi, ndipo gwirani mtima.

Ndikudziwa kuti ife ana anu simunatilole ngakhale kuviika chala mu Kafue. Munkati madzi alibe nthambi, munthu akamamira alibe pogwira. Koma mapewa anga anayamba kuwawa, poti ntchito yonse ya miyendo imagwiridwa ndi manja, ndipo dokotala wa mafizo kuchipatala anandiuza kuti mankhwala ake ndi kusambira. Ndinamuseka. Iye anati kuli gulu la anthu olumala limene limakumana Loweruka lililonse pa dziwe losambiramo lakale lija la anthu a kumigodi, cha ku Nkana East, ndikangoona ndi maso. Ndinapita kuti ndikapeze chomunamizira kuti ndayesa.

Zimene ndinakapeza kumeneko! Bambo wina wosaona akusambira liwiro la nsomba, akayandikira khoma mnzake n'kumugogoda pamutu ndi ndodo yokhala ndi kampira kunsonga kuti atembenuke. Ba Chanda, amene mwendo unatsala kumgodi, akuvula mwendo wachitsulo n'kuuimika pakhoma pafupi ndi mapatapata a anzawo, kenako chubwi! Ana a miyendo yopotoka akukuwa, amayi awo akukuwanso. Woyang'anira zonsezo ndi ba Mulenga, mayi wa ku Luapula, wamfupi, wa mawu a kondakitala. Mkono wake wamanzere unathera m'chigongono chibadwire, koma ndi womwewo amalozera anthu akamawakalipira. Atandiona ndafunda chitenje pamiyendo dzuwa likuswa mtengo anati, "Mwabwera kumaliro kapena kudzasambira?"

Zovala zake ndinasoka ndekha, kabudula wofika m'mawondo ndi bulauzi wa manja, osati tinsanza timene mukuganizato. Ngakhale choncho amayi ena a chigwirizano anayamba kunong'ona kuti Esinati akukavula pagulu. Mai abusa anandifunsa pambali, ndinawafotokozera, iwo anangoti, "Mbewa ya manyazi inafera kuuna, pitani." Kenako anawonjeza moseka kuti ndisakabwereko ndi chiphunzitso cha ubatizo womiza, ife ndi owaza pamphumi.

Tsiku loyamba anandiveka jekete yoyandamitsa, ndinatsetsereka kuchoka pamphepete maso ndili tsinzinu. Amayi, miyendo ija munkaisisita ndi mafuta, imene moyo wanga wonse ndaikoka ngati mitolo ya nkhuni, m'madzi inapepuka. Inalendewera pansi yokha, msana unawongoka, ndipo ndinapezeka ndaima. Ndaima, Amayi! Ba Chanda anali patsogolo panga ndipo tinayang'anana maso ndi maso, osati ine kuyang'ana m'mwamba ngati wopempha. Kodi munkadziwa kuti ndine wamtali? Ndinatengera Atate. Ndinalira, koma m'madzi palibe amene amadziwa kuti ukulira.

Yotamu ankandiperekeza Loweruka lililonse. Ankakhala pabenchi atakumbatira thaulo, nkhope ili ndwii, ngati munthu wodikira wodwala kunja kwa fiyeta.

Nditazolowera kusambira, ba Mulenga anatulutsa timabwato. Ndi tapulasitiki, ta munthu mmodzi, amati kayaki, ndipo nkhafi yake ili ndi mapeto awiri. Ka ine anakaikira mpando wa msana wautali, masiponji m'mbali kuti ndisapendeke, ndi zoyandama ziwiri kunja ngati timatayala ta njinga ya mwana wophunzira. Pachiuno pamadutsa lamba wophatika uja wa pa nsapato za ana, wokhala ndi kampira kofiira kunsonga. Ukakoka kampirako, lamba amatseguka kuti pwee. Miyendo m'bwato ilibe ntchito. Manja ndiwo mafumu, ndipo manja anga mukuwadziwa.

Tsiku limene ndinalowamo koyamba, ba Mulenga anapita kukathandiza mwana wina. Yotamu anayang'ana lamba uja, anamukoka, n'kuona kuti akungotseguka. Anapukusa mutu. "Aka ndiye kangagwire munthu aka?" Anatenga chitenje changa, anandizunguliza nacho pachifuwa pamodzi ndi mpando, n'kumanga mfundo yanu ija, yomangira kawiri n'kupisa nsonga mkati, imene munkandiberekera nayo popita kusukulu. Kunena zoona nanenso ndinakondwa. Ndinamva ngati ndili kumsana kwanu, ndipo ndinamuthokoza.

Ba Mulenga atabwera sanakalipe, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva akulankhula motsitsa. Anatunga madzi ndi dzanja, anathira pamfundopo mpaka inanyowa, n'kumuuza Yotamu kuti, "Masulani, mukwai." Anayesa ndi zala, yakana. Anayesa ndi zikhadabo. Anagwada n'kuyesa ndi mano. Ife tonse tikumuyang'ana. Pamene inkamasuka, ba Mulenga anati, "Nthawi yonseyi mlongo wanu anali pansi pa madzi, mutu chadodolido. Pamtunda womanga ndiye wachikondi. M'madzi timamanga zoti mwiniwake amasule yekha."

Mwana wanu sanadye madzulo amenewo.

Lamulo la gululo ndi lakuti palibe amene amapita ku damu la ku Mindolo kukapalasa yekha asanakhoze mayeso amodzi. Amachotsa zoyandama zija, umalowa pakati pa dziwe, n'kugadabuza bwato dala. Uli chadodolido choncho, ukoke kampira, ukankhe m'mphepete mwa bwato ndi manja onse, utuluke, uyandame. Wekha. Nditayesa koyamba zinandikanika. Madzi analowa m'mphuno, ndinaiwala kampira, ndinayamba kuphiriphitha, mpaka ba Mulenga anatembenuza bwato ndi phewa. Ndinatuluka ndikutsokomola, mamina ali pamtunda.

Pobwerera, tili pa siteji kudikira minibasi yovomera njinga yanga, Yotamu anati, "Asisi, basi. Zatha. Loweruka likubwerali sindikubweretsani."

Amayi, ndinapsa mtima, ndipo ndikuuzani mosabisa. Ndinati, "Sundibweretsa? Kodi ndine thumba la makala? Wandisunga mpaka wandisandutsa ndende yako, nawenso wasanduka ndende yanga. Mtsikana wa eni ake akukalamba pamsika chifukwa cha ine, ndipo ine sindinapemphe zimenezo!" Anthu pa siteji anatembenuka, mayi wina wa chinangwa chootcha anati, "Muuzeni, bamayo." Yotamu anangoyang'ana pansi. Nditapuma ndinamuuza kuti tipangane. Ndikadzatuluka ndekha m'bwato logadabuka, iye akuona, manja ake ali kumbuyo, atume ankhoswe ku Masala. Ndikadzalephera, ndisiya zamadzi ndipo za Mwansa sindidzazitchulanso. Anavomera msanga, poti anali ataona mmene ndinamwera madzi tsiku limenelo.

Munkati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekha. Ndikamasoka ndinkatsinzina n'kumafufuza kampira pachiuno mpaka dzanja linaloweza njira. M'beseni losambira ndinkaviika nkhope n'kumatulutsa mpweya m'mphuno pang'onopang'ono monga anatiphunzitsira. Loweruka lililonse ndinkagadabuka ba Mulenga atagwira bwato, kenako atangoika dzanja, kenako ataima pambali. Yotamu nthawi imeneyo ankapita dala kukagula madzi akumwa kuti asaone.

Tsiku la mayeso ndinaitana Mwansa. Anatseka benchi yake Loweruka, tsiku la malonda, n'kubwera. Yotamu anachokera kuntchito ali mu ovolosi ndi nsapato zake zachitsulo kutsogolo. Cha m'ma teni awazi m'mawa ndinapalasa mpaka pakati, kozama. Ndinamuyang'ana. Anali ataima pamphepete penipeni, manja kumbuyo monga tinapanganira, milomo ikuyenda. Ndinakoka mpweya, ndinapendeka kumanja, phava!

Pansi pa madzi n'pachete, Amayi. Sindinachite mantha. Dzanja linapita lokha pakampira, lamba anatseguka, ndinakankha, miyendo inatsatira bwinobwino. Ndili mkati motuluka ndinamva chiphokoso ngati yagwa ng'ombe m'chitsime. Nditavuuka ndinapeza anthu akukuwa, Mwansa wagwira kumutu, pamphepete palibe Yotamu.

Analumphira. Ndi ovolosi, nsapato, foni m'thumba, analumphira m'madzi kudzandipulumutsa. Koma mwaiwala kodi kuti mwana ameneyu munamulera ndinu? Sanalowepo m'madzi opitirira m'mawondo. Ndinangoona dzanja likugwira mpweya, kenako chipewa chikuyandama chokha.

Ba Mulenga anali mbali ina ya bwato, woyandikira ndinali ine. Sindinaganize chilichonse. Ndinamuzungulira kumbuyo monga anatiphunzitsira, poti womira ukamudzera kutsogolo amakukwera pamutu. Ndinamugwira kolala ya ovolosi, ndinagona chagada, n'kuyamba kukoka madzi ndi dzanja limodzi. Ngolemera mwana wanu! Ankaponda madzi ndi nsapato zakezo, ine n'kumukalipira kukhutu kuti, "Khala phee, chitsiru iwe, ndakugwira!" Anamva. Anangodzisiya, mutu wake uli pachifuwa panga. Ba Mulenga anafika n'kumakankha chakumiyendo, ba Chanda atagona pamphepete anamukoka ndi lamba wa m'chiuno.

Anasanza madzi, anatsokomola, ndipo mawu oyamba kutuluka anali akuti, "Asisi ali kuti?"

Ndinati, "Ndili pano, ndikudikira undipulumutse."

Anthu anafa nacho chiseko. Mwansa ankaseka akulira, akumumenya pamsana ndi thaulo, akumutukwana m'Chibemba mawu amene sindingakulembereni. Ba Mulenga anapukuta kumaso n'kulengeza kuti, "Mayeso anali otuluka m'bwato. Zovuula achimwene sitinafunse, koma talandira. Mwabombeni ba Esinati!" Ndiko kuti mwaigwira ntchito, m'Chibemba.

Anthu atabalalika, Yotamu anakhala pansi pafupi nane, madzi akuchucha m'nsapato. Sanali kuseka. Anati, "Ndinawerenga mumtima, asisi. Ndinayesetsa. Koma ndinangoona Amayi akundifunsa kuti unali kuti." Pamenepo analira, kulira kwa mwana, kumene sanalire ngakhale pamaliro anu chifukwa anali wotanganidwa ndi kundikankha.

Ndinamugwira mutu. Ndinamuuza kuti inu munkaopa kuti ndidzasowa munthu, simunanene kuti iye asowe moyo. Ndinamuuzanso kuti pangano waliphwanya ndi iye polumpha, choncho mlandu ngwake, ankhoswe atume basi. Anapukuta mamina ndi mkono n'kufunsa kuti, "Nanga mukadzagwa m'bafa?" Ndinati ndidzadzuka, monga ndimachitira masiku onse iwe uli kuntchito. Anadabwa. Ankaganiza kuti sindigwa.

Loweruka lotsatira tinapita ku damu, mabwato atakwezedwa pa lole. Musade nkhawa, sitipita mwachisawawa. Aliyense amavala jekete yake, ndipo pamakhala bwato la injini loyang'anira. Koma m'bwato langa ndinali ndekha. Ndinapalasa mpaka mawu a anthu anachepa, n'kutsala kaphokoso ka madzi pa nkhafi. Kunalibe wondifunsa kuti mukufuna kupita kuti, kunalibe wopuma wefuwefu kumbuyo kwanga kuti ndimve chisoni. Ndinakhotera kumanzere popanda chifukwa, kungoti ndafuna. Ndinakhoteranso kumanja. Kenako ndinasiya kupalasa n'kungokhala. Moyo wanga wonse kulikonse kumene ndafika, ndafika pamsana pa munthu kapena pa thukuta la munthu, ndipo ndimayamika. Koma tsiku limenelo ndinakondwa chikondwerero chimene sindinkadziwa kuti chiliko. Nditayang'ana kumtunda ndinaona tianthu tiwiri tating'ono, Yotamu ndi Mwansa, titakhala paudzu, ndipo kamodzi kanali kakudya chinachake. Mwana wanu anali akudya ine ndili pamadzi.

Ankhoswe anapita mvula isanagwe. Tinapempha mkulu wa mpingo uja wa kwathu ku Katete, ndipo a kwa Mwansa anatilandira ndi ulemu. Mwezi watha anatibweretsera chilanga mulilo, mwambo wawo uja wodzaonetsa mkamwini zakudya za kwawo. Kunabwera amayi odzaza minibasi, ng'oma, mapoto okulungidwa m'zitenje, Ipusukilo yense anatulukira pamsewu. Panali chikanda, ndiwo zotendera zimene amati ifisashi, finkubala zimene ife timati mphalabungu, nkhuku yathunthu. Yotamu anakhazikidwa pampando atazyolika ngati mkwatibwi, ine ndinakhala pamalo panu. Ukwati udzakhala mu Disembala, ndipo madiresi a operekeza ndikusoka ndine. Ntchito ya ku Ndola ija waivomera. Mpaka tsiku la ukwati azikhala kwa mnzake wa kutchalitchi ku Masala komweko.

Asanapite anagwira ntchito ngati wolipidwa. Mpopi anaulowetsa m'nyumba n'kuutsitsa kuti ndizifikira. Pakhomo anawaka kanjira kotsetsereka ka simenti. M'bafa anawotcherera zitsulo zogwirira zambiri moti mukhoza kuyanikapo zovala za banja lonse. Kiyi wina ali kwa amake Bwalya, oyandikana nafe aja munkabwerekana nawo sefa, ndipo Loweruka ba Chanda amadzanditenga pa galimoto ya mlamu wawo. Mutu umodzi susenza denga, zimenezo sindinaiwale. Ndiye chimene ndikupempha ndi ichi, Amayi. Mumumasule mwanayu. Mawu anu anawasunga mpaka kutsala pang'ono kumira nawo. Ngati mumamudzera m'maloto, mukamufunse za Mwansa, osati za ine.

Ananyamuka Lamlungu lapitali titaweruka kutchalitchi. Katundu anali atatsogola, anangotsala ndi kachikwama. Anatsanzika kanayi konse, akafika pageti n'kukumbukira china. Pomaliza ndinati, "Tiye ndikuperekeze." Anaseka, poti chibadwire sindinaperekezepo munthu. Woperekeza amabwerera yekha, ndiye ine ndinkangotsanzikira alendo pakhomo.

Titatuluka pageti anazungulira kumbuyo kwanga mwachizolowezi, manja ali kale pa zogwirira. Ndinati, "Chotsa. Bwera apa." Anabwera pambali panga. Tinayenda choncho, ine ndikupalasa mateyala, iye akuyenda. Manja ake anasowa kolowera, anawaika m'thumba, anawatulutsa, anasinthira chikwama uku ndi uku. Msewu uja tadutsamo kosawerengeka, koma aka kanali koyamba kucheza naye ndikumuona nkhope. Ali ndi imvi pamwamba pa khutu, Amayi. Sindinkadziwa.

Pa kachitunda kaja ka pa grosale ndinavutika, mateyala anazungulira pamchenga. Ndinamuona akuyang'ana zogwirira. Sanagwire. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, ndinadzera pambali polimba, n'kukwera.

Pa siteji minibasi inali itatsala munthu mmodzi. Kondakitala atationa anathamangira kwa ine kuti andinyamule, ndinati, "Awe, wapaulendo ndi uyu. Ine ndangoperekeza." Mawu amenewo anandikomera m'kamwa moti ndinawabwereza. Yotamu anagwada pafumbi pomwepo, anandigwira manja onse awiri. Anakwera. Basi itayamba kuyenda anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Mukafika mundiimbire!" Ndinati, "Wapaulendo ndiwe, uimbe ndiwe!"

Ndinatembenuza njinga n'kubwerera. Ndinaima pa grosale kugula ulusi, ndinacheza ndi amake Bwalya pampanda mpaka nkhani zinatha. Palibe amene ankandidikira. Nditalowa m'nyumba munali zii, ndipo sindinama, ndinalira pang'ono. Kenako foni inalira, anali iye, akuti wafika bwino ndipo Mwansa akupereka moni. Tinacheza za mtengo wa malata ndi za suti yake. Anadula osandifunsa ngati ndadya.

Mundiperekere moni kwa Atate, muwauze kuti msinkhu wawo ndinaupeza. Ndikulonjezani kuti mwana wanu sindidzamuitana pa zimene ndingathe ndekha, ndipo zimene sindingathe sindidzamubisira. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse, makamaka masiku amene zinthu zikuyenda bwino.

Ndine mwana wanu woyamba,
Esinati